Tsiku Limene Ndinakapepesa Mapointi Seveni

Ine sukulu ndinalekera giredi seveni. Sindichita nazo manyazi, koma ndayambira pamenepo chifukwa zonse zimene ndikufuna kulemba zinachokera pomwepo. Pa mayeso a giredi seveni, mwana wopeza mamakisi ambiri ndiye wapambana. A giredi naini chimodzimodzi. Kumsika kumene ndimagulitsa nsomba nakonso, dishi yodzaza imaposa yosadzaza. Ndiye ndinakula ndikudziwa kuti chochuluka ndicho chabwino, ndipo palibe anandiuzapo kuti ku giredi thwelofu amawerenga chobwerera.

Kwa amene ali ngati mmene ndinalili ine, ndifotokoze msanga. Ku giredi thwelofu phunziro lililonse amalipatsa nambala. Wokhoza kwambiri amapatsidwa wanu, wolephera amapatsidwa naini. Akatero amatenga maphunziro sikisi okha amene mwana wachita bwino koposa, n'kuphatikiza manambala ake. Amenewo ndiwo mapointi. Akachepa ndiye kuti mwana wakhoza. Ofuna udokotala ku yunivesite ku Lusaka amalimbirana malo ndi mapointi ochepa omwewo. Lero nditha kufotokoza zimenezi uku ndikuphika. Koma chaka chimene mwana wanga woyamba analowa giredi teni sindinkazidziwa, ndipo ndinatsala pang'ono kumutayitsa mpando wake m'kalasi ya sayansi.

Mwanayu ndinamubereka ndili wamng'ono, moti tikayenda limodzi anthu osatidziwa amati ndife mkulu ndi mng'ono wake. Anakulira pansi pa thebulo langa mumsika wa Kafue. Nsomba ndimakazitenga ku Chanyanya kawiri pa sabata, mpende ndi milamba, ndipo iye atangofika msinkhu wogwira mpeni ndinamuphunzitsa kupala ndi kutumbula. Ana ena akatumbula amataya matumbo osayang'ana n'komwe. Wanga ankawayala pa chivindikiro cha ndowa n'kuyamba mafunso. Ichi n'chiyani. Nanga chobiriwirachi bwanji chikaphulika nsomba yonse imawawa. Nanga kathumba ka mpweyaka n'kantchito yanji. Ine ndinkangoti tumbula iwe, ogula akudikira. Ali giredi sikisi ananena kuti adzakhala dokotala wong'amba anthu, ndipo sanasinthe mawu.

Atakhoza giredi naini anamuika m'kalasi ya sayansi. Kalasi imeneyo ana ambiri amaifuna koma mipando yake ndi yowerengeka, ndipo wosadutsa mmenemo udokotala aiwale. Sabata yoyamba anabwera ndi fomu yoti kholo lisaine. Anandipeza pakhonde ndikuthira mchere milamba yotsala. Ndinasamba m'manja, ndinaigwira fomuyo m'mbali kuti isanunkhe nsomba, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono monga ndimawerengera. Maphunziro seveni anali osankhidwa kale: Chingelezi, Masamu, Sivikisi, Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi, ndi masamu ena ovuta amene ana amawatcha Adima. Pansi pake panali maphunziro anayi oti mwana asankhepo limodzi: Jogalafe, Zamalonda, Chinyanja ndi Zachipembedzo.

"Nasankha Jogalafe, mami. Sainani apa," anatero akuloza ndi chala.

"Nanga atatu aba otsala?"

"Ati limozi chabe."

"Anakamba ndani?"

"Fomu."

Ndinaiyang'ananso fomu ija. Mtima unandiwawa ngati mmene umawawira ndikasiya nsomba zabwino pa doko chifukwa chosowa poika.

"Zamalonda, iwe wakulila pa msika," ndinatero. "Chinyanja unayamba kukamba ukalibe na mano. Zachipembezo, Sande iliyonse uli ku kwaya. Aya ni mapointi ya mahala. Ufuna kuyasiya pa njila kuti atole ndani?"

"Mami, nimvela ati ku yunivesite baona chabe sikisi."

"Sikisi ni ya aulesi. Iwe uzapeleka ileveni, baone kuti ku Kafue kuli banthu."

Wanga si mwana woyankha makolo, ndipo ine kale ndinkanyadira zimenezo.

Atate ake amakonza njinga pafupi ndi siteshoni ya sitima. Iwo analekera giredi eyiti, ndiye pa nkhani za sukulu m'nyumba mwathu amatengedwa ngati ophunzira. Atabwera ndinawaonetsa fomu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta girisi m'zala, kenaka anati pa keriyala ya njinga ngati malo akalipo munthu umamanga katundu wina, si nzeru kuyenda ndi njinga yopepuka. Nkhani inathera pomwepo. Tinachonga mabokosi onse anayi ndipo ndinasaina ndi dzanja lonyada.

Mawa lake fomu inabwerera. Kusukulu anati maphunziro anayiwo amaphunzitsidwa nthawi imodzi m'zipinda zosiyana, mwana sangakhale ponseponse. Ine sindine munthu wa ndewu. Ndinasainanso, Jogalafe yekha, ndipo ndinathokoza. Koma sindinagonje. Ndinafunsafunsa mumsika mpaka ndinamva za aphunzitsi ena opuma ntchito, okhala chakumsewu wa ku Lusaka, amene amaphunzitsa kunyumba kwawo anthu ofuna kulemba mayeso paokha. Ndinapita ndi mpende ziwiri zazikulu kukawaona. Anavomera kumuphunzitsa Zamalonda, Chinyanja ndi Zachipembedzo, masiku atatu madzulo ndi Loweruka m'mawa. Anandifunsa ngati kusukulu akudziwa. Ndinati kusukulu ali ndi zawo, ife tili ndi zathu. Ndinabwerera ndikudziona mkazi wochenjera kuposa onse a mu laini yathu ya mumsika.

Chaka chonse cha giredi teni tsiku la mwana wanga linali lotere. Kukacha ankatunga madzi pampopi wa tonse, zigubu zinayi, ndipo pampopi wathu pamakhala mzere. Akasesa ndi kusamba ankathamangira kusukulu. Akaweruka ankatsalira ku labu, kumene amayesera za sayansi, masiku ena. Kuchoka uko ankayenda wapansi kupita kwa aphunzitsi opuma aja. Pobwerera ankadutsira kumsika, kundithandiza kupala nsomba za ogula a madzulo, kenaka n'kubereka mng'ono wake wakhanda pomwe ine ndikutsuka thebulo. Homuweki ya maphunziro ileveni inkamudikira kunyumba. Chikwama chake chinaduka lamba kawiri, atate ake anachisoka ndi waya wa buleki.

Zizindikiro zinalipo, ine ndiye sindinkaziwerenga. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi wa atate ake. Tinaseka. Tsiku lina ndinamupeza atagona choimirira, mpende m'dzanja lina, mpeni m'dzanja lina, wogula akumuyang'ana. Tinasekanso, ndipo azimayi anzanga anamutcha dokotala wa tulo. Chimene ndinachiona koma osachiganizira ndi chakuti analeka kuyala matumbo pa chivindikiro. Ankatumbula n'kutaya monga ana ena onse. Ine ndinati wakula.

Lipoti ya temu yoyamba itabwera, ndinadumpha mizere yonse ya Chingelezi n'kupita pa mzere womaliza, umene pamwamba pake panalembedwa kuti mapointi. Panali mawanu, mathuu, ndi firii mmodzi. Ndinaphatikiza ndi zala ndipo ndinapeza nambala yaing'ono yomvetsa chisoni. Sindinamukalipire. Ndinamugwira paphewa, ndinati chiyambi chimavuta kwa aliyense, ungolimbikira, adzakwera. Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma khanda linalira ndipo ndinanyamuka.

Temu yachiwiri anakweradi. Panabwera mafolo ndi mafaifi. Temu yachitatu ndiye ndinaona zimene ndinkapempherera. Fizikisi sikisi, Kemisitiri seveni, Adima seveni. Nditaphatikiza onse eyiti ndinapeza fote-thuu, osawerengera atatu a kwa aphunzitsi opuma aja. Ndinapha nkhuku. Ndinaikazinga ndi anyezi ndi tomato wa ku Shimabala, ndinaphika nshima yoyera, ndipo ntchafu zonse ziwiri ndinampatsa iye. Atate ake anakamba mawu oyamikira ataimirira. Mwana anadya mwakachetechete, maso ali m'mbale.

Pansi pa lipotiyo panali mizere itatu yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Chingelezi chosindikiza ndimachiyesako, koma cholemba pamanja chimandigonjetsa. Ndinati andiwerengere.

"Ati nipitilize kulimbikila," anatero.

Ndinaipinda bwino lipotiyo n'kuiika m'sutukesi pamodzi ndi makadi a kusikelo.

Mu Januwale munatuluka zotsatira za giredi thwelofu. Aneba athu a nyumba yachitatu ndi mayi wamkulu kwa ine, amagulitsa tomato ndi repu laini ina mumsika womwewo. Amuna awo anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ku fakitale, ndipo ana awo atatu onse anamaliza sukulu. Wotsiriza ndiye analemba chaka chimenecho. Anali mnyamata wodziwika ndi mabuku, wosapezeka ku mpira kapena kusiteshoni. Tsikulo ine ndinalawirira ku Chanyanya, ndiye za m'mawa sindinazione. Ndikutsika minibasi masana ndi nsomba zanga, mayi wina wogulitsa makala anandiuza kuti kodi mwamva, mwana wa aneba anu wapeza seveni.

"Seveni pa phunzilo liti?"

"Onse pamozi. Seveni chabe."

Ndinaima ndi dishi pamutu. Mwana wowerenga chotero, zaka zonse zija, seveni. Wanga wa giredi teni ali kale pa fote-thuu. Ndinaganiza za amayi ake, mmene ankamugulira makandulo ndi mabuku, ndipo misozi inatsala pang'ono kutsika. Nditafika ku laini ya nyumba zathu ndinaona nsapato zambiri pakhomo pawo, azimayi akulowa ndi kutuluka. Ndinati inde, anthu amva, abwera kudzawalimbitsa mtima.

Kwathu munthu akagwa m'vuto supita chimanjamanja ndipo supita utavala zowala. Ndinavala chitenje changa chakuda chija cha kumaliro, ndinamanga duku, ndinasankha mpende zinayi zabwino koposa n'kuziika m'dishi. Ndinayenda pang'onopang'ono, nkhope pansi. Nditalowa sindinakhale pampando ngakhale anandilozera. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndinatambasula miyendo, ndinaika dishi patsogolo n'kuomba m'manja mofatsa. M'nyumbamo munali azimayi ngati sikisi, ali ndi makapu a zakumwa. Phokoso linatha.

"Pepani, ba neba," ndinatero. "Namvela."

Aneba anaika kapu pansi. "Mwamvela chani? Kwachitika chani?"

"Za mwana. Musamukalipile maningi. Vimachitika. Seveni nayo ni poyambila."

Palibe anayankha, ndiye ndinaganiza kuti mawu anga akuwafika pamtima, ndinapitiriza.

"Akali mwana, angabwezele chaka chamawa. Ngati mufuna, wanga angazimuthandizako pa Sande. Ni wa giledi teni chabe koma temu yatha anapeza fote-thuu."

Mayi wina amene anali ndi chakumwa m'kamwa anatembenukira kukhoma. Wina anagwira pamimba. Kenaka nyumba yonse inagwa. Anaseka mpaka wina anatuluka panja kukatsamira mtengo wa mango. Aneba anaseka mpaka duku linagwa, akupukuta misozi ndi ngodya ya chitenje, akuyesa kulankhula koma mawu osatuluka. Ine ndinakhalabe pansi ndi nkhope yanga ya maliro. Ndinadikira. Kudikira ndimakutha.

Woyamba kuleka kuseka anali aneba omwewo. Anandiyang'ana, nkhope inasintha.

"Imwe, mwati wanu anapeza zingati?"

"Fote-thuu."

"Uja wa sayansi?"

"Wamene uja."

Ananyamuka, anandigwira dzanja, anandikokera kuseri kwa nyumba kumene amasungira mabokosi a tomato. Anakhala pa bokosi lina, ine pa lina.

"Mng'ono wanga," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditcha choncho, "bana bakathamanga pa mpikisano, mufuna wanu afike namba wanu olo namba naini?"

"Namba wanu."

"Ni vamene ivo. Phunzilo lililonse ni mpikisano. Batenga mipikisano sikisi yamene wathamanga bwino, baika pamozi. Wanga anafika namba wanu pa faifi, namba thuu pa umozi. Ndiye seveni yamene mwabwela kulila."

M'mutu mwanga malipoti atatu aja anatembenuka, yomvetsa chisoni ija inakhala yabwino, ya nkhuku ija inakhala yoipa. Ndinafunsa kuti nanga maphunziro oposa sikisi amapita kuti. Anati amakhala pa pepala, koma sawonjezera kanthu, amangodya nthawi ya sikisi enawo. Nditawauza za aphunzitsi opuma ndi maphunziro ileveni, anagwira kumutu ndi manja onse awiri. Anati ndikatenge lipoti msanga.

Mizere yofiira ija anaiwerenga kawiri. Inkanenadi kuti mwana alimbikire, pamenepo sananame. Koma inapitiriza kuti pa mayeso a sabata yachisanu ndi chimodzi ya giredi ileveni, Kemisitiri ndi Fizikisi zikapanda kusintha adzachotsedwa m'kalasi ya sayansi, mpando wake apatse wina. Inamaliza ndi kupempha kholo kuti lifike kusukulu.

Ndinanyamuka kuti ndizipita. Aneba anati mpendezo ndiye musiye, zafika kale, tidyera chikondwerero.

Mwana ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa yunifomu, chifukwa sukulu inali kutsegula Lolemba. Ndinakhala pa chigubu pafupi naye, ndinatenga malaya ena n'kuyamba kufikisa.

"Nachoka kwa ba neba," ndinatero. "Baniwelengela va bolopeni yofiila."

Manja ake anaima m'beseni.

"Sinakalipe. Nifuna chabe kuziba. Chifukwa chani sunaniuze?"

"Ninakuuzani pa fomu, mami. Munati sikisi ni ya aulesi."

"Nanga pa nkhuku?" ndinafunsa.

"Munali okondwa maningi." Anapukuta mphuno ndi nkono. "Na nkhuku inali yophika kudala."

Ndinayamba kuseka, iyenso anaseka, ndipo ndinamufotokozera za chitenje chakuda ndi mpende zinayi. Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi a sopo. Kuseka kuja kunasanduka kulira ndisanadziwe. Analira ngati mwana wa giredi wanu, akuti wakhala akuopa chaka chonse, akuti akatsegula buku la Kemisitiri maso amatsekeka okha, akuti anzake amene ankawaposa tsopano amamufotokozera. Ndinamusiya alire. Atamaliza ndinati Lolemba tipitira limodzi, ndipo nsomba za tsikulo zidzidikira.

Kusukulu anatitumiza kwa aphunzitsi olangiza ana za maphunziro, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi. Ndinafotokoza zonse osabisa, kuyambira fomu mpaka nkhuku. Za kupepesa ndinafuna kudumpha, koma anali atazimva kale. Kafue ndi yaing'ono. Anayesetsa kusaseka, ndipo ndinawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Anatenga pepala n'kumuuza mwana kuti anene zonse zimene amachita kuyambira podzuka. Iye ankanena, iwo ankalemba. Madzi, kusesa, sukulu, labu, ulendo wa kwa aphunzitsi opuma, msika, khanda. Pepala linadzaza, anatembenuza.

"Amayi," anatero atavula magalasi, "uyu mwana asebenza nchito zitatu. Ine nili na imozi koma nimalema."

"Nichite bwanji, ba madamu?"

Anati atatu owonjezera aja asiye lero lomwe. Pamenepo ndinavomera asanamalize. Kenaka anatembenukira ku Adima. Anati phunziro limenelo ndi lolemera, limadya nthawi ngati maphunziro awiri, ndipo ana ena amaloledwa kulisiya kuti apulumutse Kemisitiri ndi Fizikisi. Koma anatinso wopita ku sayansi ku yunivesite amakalipeza komweko likumudikira, ndipo amene sanalionepo amavutika chaka choyamba. Anandiyang'ana ine, poti ndine wosaina.

Ndinamva mawu akukwera kukhosi. Ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ngati zochepa ndizo zabwino, tichotse zonse zimene tingathe. Ndinameza.

"Funsani mwine wake, ba madamu. Ine ninasankha chaka chatha."

Mwana analankhula ndi mawu amene sindinawamvepo. Anati Adima sasiya, chifukwa temu yoyamba anapeza thuu ndipo akudziwa kuti vuto silinali masamu, linali tulo. Anati chimene akufuna kusiya ndi Jogalafe, chifukwa mapu ndi zolembalemba zake zimamudyera Loweruka lonse, ndipo m'malo mwake alowe Chinyanja. Anati chaka chonse kwa aphunzitsi opuma aja Chinyanja chokha ndicho ankachimva ngakhale atatopa, ndipo mabuku a giredi teni anawamaliza kale.

Ba madamu anavalanso magalasi. Anamufunsa mafunso angapo a m'mabukuwo, iye anayankha. Iwo anati popeza maphunziro awiriwo amakhala nthawi imodzi, kusinthako n'kotheka, akakambirana ndi aphunzitsi ake. Ndinakhala tsonga pampando. Pa atatu anga aja, limodzi linali litalowa.

"Mwaona, ba madamu," ndinatero, "sininalakwe vonse."

"Limozi pa atatu," anatero akulemba. "Kuno timaicha naini."

Kunyumba ndiko kunali ntchito yeniyeni. Pepala lija ndinalipempha, ndinalipachika pa msomali kukhitchini. Madzi ndinawapatsa atate ake. Poyamba anati mwamuna pamzere wa pampopi ndi nkhani ina. Ndinawakumbutsa za keriyala, kuti malo akalipo munthu umamanga katundu wina. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana njinga yawo, ndipo mawa lake anamanga zigubu zinayi ulendo umodzi. Anzawo a kusiteshoni anawaseka sabata yathunthu, ankawafunsa ngati ayambanso kuchapa matewera. Sabata yachiwiri mmodzi wa osekawo anabwera kudzafunsa mamangidwe a zigubuzo.

Kumsika ndinamuletsa kufika kupatula Loweruka masana. Ogula a madzulo ndinayamba kuwafunsa ngati akufuna zopala kapena akapale okha, ndipo ndinadabwa kuti ambiri analibe nazo kanthu. Khanda ndinkalibereka ndekha potsuka thebulo, monga ndinkachitira ndi iye yemwe. Kwa aphunzitsi opuma ndinapita ndekha kukatsanzika, ndi mpende ina, chifukwa iwo anandifunsa tsiku loyamba lija ndipo ine ndiye sindinamve.

Masabata sikisi amenewo ndinaphunzira kukhala chete. Akakhala pa thebulo ndi mabuku, pakamwa panga pankayabwa kuti nditume, tenga ichi, yang'anira mphika, tonthoza mwana. Ndinkadzigwira n'kunyamuka ndekha. Masiku ena ndinkamupeza masana atagona pa mphasa buku lili pachifuwa, ndipo ndinkatseka chitseko kuti ana a m'laini asamudzutse. Kale ndikanati ulesi.

Loweruka la sabata yachinayi anabwera kumsika monga mwa pangano. Ndinali kukambirana ndi wogula, nditatembenuka ndinaona chivindikiro cha ndowa chili pa thebulo, matumbo a mlamba atayalidwa bwinobwino. Sanandifunse mafunso ulendo uno. Anandiitana, analoza ndi nsonga ya mpeni.

"Ichi chobiliwila ni ndulu, mami. Chisunga vamene chiwindi chipanga, vothandiza kugaya mafuta. Na imwe muli nacho."

"Nanga changa chikaphulika nizawawa?"

"Muwawa kudala."

Wogula anaseka, ndipo sindinanene kuti tumbula, akudikira. Anadikira yekha.

Mayeso aja analemba. Zotsatira anabwera nazo Lachisanu, anandipeza pa thebulo. Kemisitiri firii, Fizikisi folo. Ndinayang'ana manambalawo, ndinawatembenuza m'mutu monga anandiphunzitsira aneba, koma sindinadzikhulupirire.

"Yachepa mokwanila?"

"Ba madamu bati nikhala."

Nkhuku sindinaphe tsiku limenelo. Ndinachita mantha kuti ndingalakwitsenso. Ndinadikira mpaka Lolemba atabwerera n'kundiuza kuti wakhala pa mpando wake womwewo, pafupi ndi windo, ndiye Lachiwiri nkhuku inafa.

Lero ali ku Lusaka, chaka choyamba cha sayansi. Akuti kumapeto kwa chaka amasankhanso ochepa oti apite ku udokotala, ndiye mpikisano sunathe, ndipo ine ndinafunsiratu kuti kumeneko amawerenga chopita kuti. Adima uja akuti anamupezadi akumudikira. Akaimba foni sindimufunsa zimene akuwerenga. Ndimafunsa ngati akugona.

Zotsatira zake za giredi thwelofu zinatuluka Januwale wapitawu. Anapeza naini pa maphunziro sikisi onse pamodzi, ndipo pa amene anawerengedwa panali Chinyanja, chimene anapeza wanu. Zimenezo ndawauza anthu ambiri, ena kawiri. Tsikulo sindinapite ku Chanyanya. Azimayi anadzaza m'nyumba, nsapato zili mbwee pakhomo, atate ake akuthamanga ndi njinga kukatenga zakumwa.

Chakumasana phokoso linatha mwadzidzidzi. Pakhomo panaima aneba, atavala chitenje chakuda ndi duku, nkhope ili pansi, m'manja muli dishi ya tomato. Ndinawalozera mpando, anakana. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, anatambasula miyendo, anaika dishi patsogolo n'kuomba m'manja mofatsa.

"Pepani, mng'ono wanga," anatero. "Namvela. Kuchoka pa fote-thuu kufika pa naini. Mwana wabwelela m'mbuyo maningi."

Ndinapita kukakhala pansi pambali pawo, ndinatambasula miyendo nanenso.

"Zikomo pobwela, ba neba," ndinatero. "Tizalimba mtima."